Phunziro 6: Malamulo a Kagulidwe ka Katundu ndi Kaperekedwe ka Makontirakiti ku Khonsolo

CHOLINGA CHA PHUNZIRO

Pomaliza phunziro ili tikhale titadziwa zinthu zitatu. Choyamba, njira imene khonsolo iyenera kutsata pogula katundu ndi polemba kontirakitala. Chachiwiri, chifukwa chimene malamulo a kagulidwe amayenera kukonzedwanso nthawi ndi nthawi. Chachitatu, mbali imene ife eni dera tingatengepo kuti ndalama za chitukuko zigwire ntchito yake.

TIYAMBE NDI FANIZO

Nkhani iyi ndi fanizo chabe, koma ambiri a ife tikaimva tikumbukira zimene tidaziona ndi maso kwathu.

M'mudzi wina anthu adadandaula kwa zaka zambiri chifukwa cha mtsinje umene unali pakati pa mudziwo ndi sukulu. Dzinja likafika ana ankajomba, ndipo amayi oyembekezera ankazungulira mtunda wautali kuti akafike kuchipatala. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi idalemba pempho, pempholo lidapita ku komiti ya dera, mpaka lidalowa m'ndondomeko ya khonsolo. Tsiku lina lole idabwera n'kutsitsa matumba a simenti. Anthu adakondwa kwambiri, ndipo iwo eni adatuta mchenga ndi miyala mwaulere.

Koma palibe amene adauzidwa dzina la kontirakitala, mtengo wa ntchito, kapena tsiku loti ntchitoyo idzathe. Pamalopo panalibe chikwangwani. Amisiri ankathira simenti yochepa pa mchenga wambiri, ndipo madzulo matumba ena ankachoka panjinga. Mkulu wina wa komiti atafunsa, kapitawo adamuyankha kuti: "Bambo, inu zikukukhudzani bwanji? Ndalamazi si zanu, n'za boma." Mlatho udatha, akuluakulu adabwera kudzautsegulira, ndipo kontirakitala adalandira ndalama zake zonse. Mvula ya mu Januwale itagwa, mlatho udakokoloka. Pambuyo pake zidamveka kuti kontirakitalayo anali mlamu wa mmodzi mwa anthu amene adamusankha.

Madzi ndiwo adakokolola mlathowu, koma vuto lidayamba kale, tsiku limene ntchito idaperekedwa mobisa. Ichi ndicho chifukwa chake tikuphunzira za malamulo a kagulidwe.

KODI NDALAMA ZA KHONSOLO N'ZA YANI?

Kapitawo uja adanama. Boma lilibe munda wake wolimako ndalama. Ndalama zimene khonsolo imagwiritsa ntchito zimachokera ku msonkho umene timadula pogula katundu m'sitolo, msonkho wa pamalipiro a apantchito, matikiti a kumsika, ziphaso za mabizinesi ndi misonkho ya nyumba ndi malo m'mizinda. Zina zimachokera ku maiko ndi mabungwe otithandiza, ndipo zina ndi ngongole imene ana athu adzabweze.

Boma limatumiza ndalama ku makhonsolo zoyendetsera sukulu, zipatala, ulimi ndi misewu ya m'madera. Palinso thumba la chitukuko cha dera la phungu, lotchedwa CDF, limene lidayamba m'chaka cha 2006. Gawo lalikulu la ndalama za chitukukozi limatuluka kudzera m'kugula: simenti, malata, madesiki, mafuta a galimoto, kukumba mijigo, kumanga zipinda zophunziriramo, misika ndi milatho. Choncho pamene pamadutsa ndalama zambiri, mpamenenso akuba amadikirira.

Ndime 12 ya malamulo aakulu a dziko lino imatiphunzitsa kuti onse okhala pa maudindo a boma adangosungitsidwa mphamvu ndi anthu. Wosungitsidwa katundu amayenera kufotokoza kwa mwini wake mmene wasungira. Eni ake ndife.

MMENE MALAMULOWA AKHALA AKUSINTHIRA

Titasankha ulamuliro wa zipani zambiri pa riferendamu ya 1993, dziko lathu lidayamba kutula mphamvu zina kuchokera ku likulu kupita m'maboma. M'chaka cha 1998 boma lidavomereza ndondomeko ya mphamvu ku anthu, ndipo Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono. Chisankho cha makhansala chidachitika m'chaka cha 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, tidakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha 2014. Kwa zaka zonsezo ndalama zinkapita ku makhonsolo popanda nthumwi zosankhidwa ndi anthu m'mawodi zoti ziziyang'anira. Kuyambira 2014 takhala tikusankha makhansala pamodzi ndi aphungu ndi mtsogoleri wa dziko, monga tidachitira mu 2019 ndi mu 2025.

Pa nkhani ya kagulidwe, lamulo la 2003 lidapereka udindo wogula kwa unduna uliwonse ndi khonsolo iliyonse, ndipo lidakhazikitsa ofesi yoyang'anira kagulidwe, ya ODPP. M'chaka cha 2013 kudaululika kuba kwa mabiliyoni a makwacha ku likulu la boma, kumene kudatchuka ndi dzina loti Cashgate. Njira imodzi yobera inali yolipira makampani amene sadapereke katundu aliyense ndipo sadagwire ntchito iliyonse. M'chaka cha 2017 padabwera lamulo latsopano limene lidakhazikitsa bungwe la PPDA m'malo mwa ofesi ija, ndipo lidaonjezerapo malamulo a kagulitsidwe ka katundu wa boma amene watha ntchito, monga magalimoto akale. Lamuloli lidakonzedwanso m'chaka cha 2025.

Tikuona apa kuti lamulo silikhala chimodzimodzi mpaka kalekale. Limasintha anthu akazindikira zibowo zimene akuba akudzerapo.

NJIRA YOYENERA KUTSATA POGULA

Ambiri a ife takhalapo m'komiti yomanga tchalitchi kapena nyumba ya aphunzitsi. Tikudziwa kuti komiti yabwino siyamba ndi kugula. Imayamba yagwirizana chimene chikufunika, imafunsa mitengo m'masitolo angapo, imatuma anthu oposa mmodzi, imasunga malisiti, kenaka imawerenga lipoti pamaso pa onse. Khonsolo iyenera kuchita chimodzimodzi, kungoti ndalama zake n'zambiri ndipo njira yake idalembedwa m'malamulo. Masitepe ake ndi awa:

1. Ndondomeko ndi bajeti. Zofuna za anthu zimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kupita ku komiti ya dera, ADC, mpaka ku khonsolo. Makhansala amavomereza bajeti, ndipo ogwira ntchito amalemba mndandanda wa zimene zidzagulidwe m'chaka chimenecho. Chinthu chimene mulibe m'bajeti sichiyenera kugulidwa mwachisawawa.

2. Kufotokoza bwino chimene chikufunika. Ngati ndi chipinda chophunziriramo, palembedwe kukula kwake, mtundu wa malata, kuchuluka kwa simenti ndi nthawi yomalizira ntchito.

3. Kuitana ofuna kugulitsa kapena kugwira ntchito. Kuitanaku kuchitike poyera ndipo anthu apatsidwe nthawi yokwanira yokonzekera.

4. Kutsegula matenda poyera. Makalata onse amaponyedwa m'bokosi lokhoma, ndipo amatsegulidwa pa tsiku ndi ola limene lidalengezedwa, opikisana akuona. Maina ndi mitengo zimawerengedwa mokweza.

5. Kuunika. Gulu la anthu odziwa ntchito limayerekeza matenda onse potsata mfundo zimene zidalengezedwa poyamba. Nkosaloledwa kusintha mfundozo pakati pa mpikisano. Amaonanso ngati kampaniyo idalembetsedwa, ngati imakhoma msonkho, ndiponso ngati idagwirapo bwino ntchito yotere.

6. Kuvomereza. Khonsolo iliyonse ili ndi komiti ya kagulidwe, yokhala ndi akuluakulu ogwira ntchito pakhonsolopo. Komitiyi ndiyo imavomereza wopambana. Ntchito ya ndalama zambiri kuposa malire oikidwa imayenera kuonedwanso ndi bungwe la PPDA isanaperekedwe.

7. Kusainirana kontirakiti. Kontirakiti ndi pangano lolembedwa. Limanena ntchito, mtengo, nthawi, kalipiridwe ndi chilango cha wophwanya pangano.

8. Kuyendera ntchito ndi kulipira. Kontirakitala amalipidwa molingana ndi ntchito imene yaoneka ndi kuyezedwa. Pa ntchito za zomangamanga, gawo lina la ndalama limasungidwa kwa miyezi ingapo ntchito itatha, kuti ngati khoma lang'ambika kapena denga likudontha, kontirakitala abwere adzakonze.

Tizindikire bwino kuti khansala, phungu ndi mfumu alibe udindo wosankha kontirakitala. Udindo wa khansala ndi kuvomereza bajeti, kufunsa mafunso ndi kuyang'anira. Woyang'anira akayamba kugawa yekha makontirakiti, palibenso womuyang'anira iyeyo. M'chaka cha 2025 bwalo la milandu loona za malamulo aakulu lidagamula kuti kulowerera kwa aphungu pa kayendetsedwe ka ndalama za CDF kunkasemphana ndi malamulo aakulu a dziko, popeza ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo ndi kuyang'anira boma.

NJIRA ZOSIYANASIYANA ZOGULIRA

Malamulo sakakamiza khonsolo kulengeza m'nyuzipepala pofuna kugula matsache khumi. Njira imasankhidwa potengera kukula kwa ndalama ndi mtundu wa ntchito.

Njira yaikulu ndi tenda ya poyera, imene aliyense woyenera ali ndi ufulu wopikisana nawo. Pa zinthu za ndalama zochepa, khonsolo imafunsa makotesheni kwa ogulitsa osachepera atatu n'kuyerekeza mitengo. Nthawi zina imaitana makampani owerengeka okha, ngati odziwa ntchitoyo ndi ochepa. Njira yomaliza ndi kugula kwa munthu mmodzi popanda mpikisano. Imeneyi imaloledwa pa zifukwa zapadera zokha, monga pamene wogulitsa chinthucho alipo mmodzi yekha, kapena pagwa ngozi yadzidzidzi. Njira imeneyi ndiyo tiyenera kuiyang'anitsitsa, chifukwa imachitika popanda wopikisana naye woti n'kudandaula.

MACHENJERA AMENE TIYENERA KUWADZIWA

Akuba a masiku ano sathyola zenera. Amaba ndi cholembera, ndipo mapepala awo amaoneka olongosoka. Machenjera ofala ndi awa:

(a) Kudula ntchito imodzi m'zidutswa zing'onozing'ono kuti chidutswa chilichonse chikhale pansi pa malire a tenda ya poyera.

(b) Kubweretsa makotesheni atatu a makampani a maina osiyana pamene mwini wake ndi munthu mmodzi.

(c) Kulemba zofunika pa ntchito mokomera kampani imodzi, kuti ena onse alephere.

(d) Kupambana ndi mtengo wotsika, kenaka n'kumaonjezera mtengo pang'onopang'ono ntchito ili m'kati.

(e) Kusainira kuti ntchito yatha kapena katundu wafika pamene sizili choncho.

(f) Kuchedwetsa dala kugula kuti nthawi ikatha anene kuti n'zadzidzidzi.

(g) Kuchedwetsa malipiro a wogulitsa woona mtima mpaka atapereka kangachepe.

Ena amati mbuzi imadya pamene aimangirira. Mwambi umenewu usatipusitse. Wogwira ntchito ku khonsolo ali ndi malipiro ake, ndipo simenti ya sukulu si msipu wake. Tikumbukirenso kuti ziphuphu zili ndi mbali ziwiri. Lamulo lothana ndi katangale la 1995, limene lidakhazikitsa bungwe la ACB, limalanga wolandira ndi wopereka yemwe.

CHIFUKWA CHIYANI MALAMULO AYENERA KUKONZEDWANSO?

Choyamba, mphamvu ya ndalama imasintha. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Malire a ndalama akakhala akale, ntchito yaing'ono monga kukonza denga la chipatala imafuna njira yaitali ya tenda, ndipo mvula imafika denga lisanakonzedwe. Koma malirewo akakwezedwa mopitirira muyeso, ntchito zikuluzikulu zimaperekedwa ndi makotesheni atatu okha. Kotero malire aziunikidwa kawirikawiri, ndipo anthu aziuzidwa chifukwa chake. Kontirakiti nayonso izinena momveka chimene chidzachitike mitengo ya simenti ndi zitsulo ikakwera ntchito ili m'kati, chifukwa nyumba zambiri zosiyidwa panjira zidaima pa mkangano umenewu.

Chachiwiri, ngozi zachuluka. Kafukufuku wa mkulu wolondoloza chuma cha boma, amene adatuluka mu 2021, adapeza kuti zina mwa ndalama zokwana K6.2 biliyoni zolimbana ndi matenda a Covid-19 zidagwiritsidwa ntchito mosatsata malamulo, kuphatikizapo a kagulidwe. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kumwera mu Malichi 2023, padafunika kugula chakudya ndi zipangizo mwamsanga. Pa nthawi yotere sitingadikire miyezi. Malamulo abwino amalola kugula msanga, koma amalamula kuti zonse zilembedwe ndi kuululidwa pambuyo pake: chidagulidwa n'chiyani, kwa yani, pa mtengo wanji, ndipo chidafika kwa yani.

Chachitatu, njira zogwirira ntchito zasintha. Kale zonse zinali m'mafayilo, ndipo fayilo imasowa mosavuta tsiku limene ofufuza afika. Kugula kudzera pa kompyuta ndi intaneti kumasiya mapazi ovuta kufufuta. Komabe tisaiwale kuti kalipentala wa kumudzi alibe kompyuta. Malamulo atsopano aonetsetse kuti zolengeza zikumatidwanso pa bolodi la khonsolo, pa likulu la mfumu yaikulu ndi pamsika, ndipo zikumveka pa wailesi za m'madera m'chiyankhulo cha anthu.

Chachinayi, amalonda aang'ono a m'dera ayenera kupeza mwayi. Madesiki a sukulu angathe kukhomedwa ndi akalipentala a m'boma lomwelo, ndipo ndalamazo zingazungulire pakati pathu. Boma lidakhazikitsa malamulo mu 2020 opereka mwayi wapadera kwa mabizinesi aang'ono ndi apakati pa zogula za boma. Koma mwayi umenewu umakhala wopanda pake ngati khonsolo ichedwa kulipira. Wamalonda wamng'ono amene watenga ngongole kuti apereke katundu sangapirire miyezi yambiri osalipidwa. Choncho nthawi yolipira ilembedwe m'kontirakiti ndipo isungidwe.

ZIMENE TIZIYANG'ANA M'MALAMULO ABWINO

Tikamva kuti malamulo a kagulidwe akukonzedwanso, kaya ku Nyumba ya Malamulo kaya m'ndondomeko za khonsolo yathu, tisangoti n'za ophunzira. Tifunse mafunso awa:

Kodi akuonjezera kuchita zinthu poyera kapena akuchepetsa? Kodi aliyense wokhala m'komiti akukakamizidwa kuulula ngati iye, mkazi kapena mwamuna wake, kapena mbale wake ali ndi gawo m'kampani yopikisana, ndi kutuluka pa zokambiranazo? Kodi eni ake enieni a kampani akudziwika? Kodi wofunsa katundu, wovomereza, wolandira ndi wolipira ndi anthu osiyana? Kodi wolephera pa mpikisano ali ndi kodandaula ntchito isanayambe? Kodi kontirakitala wothawa ntchito akuletsedwa kupikisananso, ngakhale atasintha dzina la kampani? Kodi woulula chinyengo akutetezedwa?

Tichenjere ndi mau oti "tikufuna kufulumizitsa chitukuko". Nthawi zina mauwa ndi oona, chifukwa njira zina zimangochedwetsa popanda phindu. Koma nthawi zina ndi chophimba cha ofuna kuchotsa maso a anthu pa ndalama. Tisiyanitse pofunsa kuti: kodi sitepe imene ikuchotsedwayo inkateteza chiyani, ndipo chilowe m'malo mwake n'chiyani?

Tidziwenso kuti lamulo labwino palokha silimanga mlatho. M'fanizo lathu lija malamulo analipo. Chimene chidasowa ndi anthu owatsata ndi anthu ofunsa.

MBALI YATHU

Ndime 37 ya malamulo aakulu a dziko imatipatsa ufulu wodziwa nkhani zimene boma likusunga, ndipo lamulo lofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka ufuluwu lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Kufunsa mtengo wa ntchito ya m'dera lathu si mwano ndipo si ndale. Nazi zina zimene tingachite:

1. Tizipita ku misonkhano ya VDC ndi ADC, ndipo tisankhe m'makomiti anthu okhulupirika, amayi ndi abambo, osayang'ana chipani.

2. Ntchito ikamayamba tipemphe msonkhano umene kontirakitala aonetsedwe kwa anthu. Tipemphe chikwangwani chonena dzina lake, mtengo, kumene ndalama zachokera ndi tsiku lomaliza.

3. Komiti ya ntchito ikhale ndi kope lolembamo katundu yense wofika ndi wotuluka. Matumba aziwerengedwa anthu awiri kapena atatu alipo.

4. Tisasaine kapena kudinda chala pa pepala limene sitidaliwerenge. Ngati sitidziwa kuwerenga, tiitane mphunzitsi kapena wina womukhulupirira. Tisasaine kuti ntchito yatha pamene sinathe, ngakhale atatilonjeza alawansi.

5. Tikaona cholakwika tilembe tsiku, malo ndi chimene taona. Tiyambe kwa khansala ndi ADC, kenaka kwa bwanamkubwa kapena mkulu wa khonsolo. Zikakanika tikanene ku ACB, ku PPDA kapena ku ofesi ya Ombudsman. Tipite ngati gulu, popeza mutu umodzi susenza denga.

6. Tinene zoona zokhazokha. Kunamizira munthu chifukwa cha nsanje kapena chipani kumaononga mbiri yake ndipo kumafooketsa madandaulo enieni. M'makhonsolo muli antchito ambiri oona mtima amene amavutika chifukwa chokana chinyengo. Amenewa tiwalimbikitse.

7. Tidziyang'anenso tokha. Ena mwa ife ndife akalipentala, amisiri, ogulitsa, makalaliki ndi makhansala. Simenti yobedwa pa ntchito ya sukulu imagulidwa ndi munthu wa m'mudzi momwemo. Tikakana kugula, wakuba asowa msika.

MAFUNSO OKAMBIRANA KU MPHAKATI

1. Tchulani ntchito za chitukuko zimene zachitika m'dera lathu m'zaka zitatu zapitazi. Kodi tikudziwa amene adagwira ndi ndalama zimene zidalowa?

2. M'fanizo la mlatho, ndi pa masitepe ati pamene anthu akadatha kuletsa chinyengo?

3. Mbale wathu ali m'komiti ya kagulidwe ndipo mwana wake akufuna kupikisana nawo pa tenda. Tingamulangize chiyani?

4. N'chiyani chimatiopsa kufunsa mafunso kwa akuluakulu, ndipo tingathandizane bwanji kuthetsa manthawo?

5. Kodi makomiti athu a pa tchalitchi, a sukulu ndi a mjigo amafunsa mitengo m'malo angapo ndi kuwerenga lipoti poyera?

NTCHITO YOKACHITA

Tisankhe anthu atatu, mwa iwo mukhale mayi ndi wachinyamata, kuti akaone khansala wa wodi yathu ndi kumupempha mndandanda wa ntchito zimene khonsolo yavomereza m'dera lathu chaka chino, pamodzi ndi mitengo yake. Anthuwa adzatifotokozere zimene apeza pa msonkhano wotsatira, ndipo tidzagwirizane ntchito imodzi imene tiziiyendera kuyambira pa maziko mpaka tsiku loipereka kwa anthu.